Faines Anapempha Tulo

Kwawo kwa Faines, kuseri kwa Dzoole, munthu wolemba mayeso a Fomu Folo amadziwika ndi mapazi. Amakhala otuwa, ong'aluka m'zidendene, chifukwa usiku uliwonse mwini wake amawaviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamube akuwerenga. Amene anayambitsa zimenezi sadziwika, koma aliyense amazikhulupirira. Mwana akalephera, makolo safunsa ngati aphunzitsi ankabwera m'kalasi ayi. Amafunsa ngati ankaviika mapazi.

Faines ankaviika. Anali mayi wa ana atatu, wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo Chingerezi chinali chitamugwetsa kawiri. Maphunziro ena onse anakhoza kalekale, koma wolephera Chingerezi satifiketi samupatsa, ngakhale masamu atawamwa ngati madzi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankathandiza kusikelo ya ana pa kachipatala kapafupi, kupachika ana pa mbedza, kulemba m'makadi, kutonthoza olira, malipiro ake zikomo basi. Ntchito za alangizi a zaumoyo zikatuluka, ankatengedwa atsikana amene iye mwini anawaphunzitsa kuwerenga sikelo. Chaka chino kunamveka kuti ntchitozo zitulukanso, ndi kuti opitirira zaka makumi atatu ndi zisanu asadzivute n'kulemba kalata. Akalephera ulendo uno, ndiye kuti nkhani yatha.

Choipa n'chakuti mayeso amabwera nthawi imodzi ndi fodya. Fodya wa mtundu wa bale mu Juni ndi wamwano. Dzuwa likangokwera masamba amauma gwa, ukawagwira amanyenyeka m'manja. Amafewa ndi mame a m'bandakucha, ndiye wosankha fodya amadzuka tambala woyamba asanamalize kulira. Pabanjapo wosankha fodya anali Faines. Mwamuna wake Obed anali katswiri kumunda ndi pa jeke yodindira mabelo, koma maso ake ankaona masamba onse ngati ana a mayi mmodzi. Faines anaphunzira ntchitoyi ali mwana, atakhala pambali pa bambo ake, ndipo dzanja lake linkadziwa mulu woyenera tsamba asanaliganize n'komwe.

Choncho tsiku lake linkayenda motere: fili koloko ali m'chigafa chopachikamo fodya ndi tochi pamphumi, eyiti koloko ali ku mjigo, kenako kuphika, kuchapa, Lachiwiri kusikelo, masana ulendo wa ola lathunthu kupita ku sukulu ya akuluakulu. Ana akagona ankakhala pa tebulo ndi nyali ya sola, mapazi m'beseni, mpaka wani koloko. Madzi a Juni ku Dowa amaluma. Ankawapirira mano ali gwagwagwa, akudziuza kuti chinthu chowawa chonchi sichingapite pachabe.

Chimene chinkamuwawa koposa madziwo chinali ichi: malamulo a galamala ankawamva bwino lomwe usikuwo. Lamulo la pobwereza mawu amene wina ananena dzulo, loti lero lisanduke tsiku lija, mawa lisanduke tsiku lotsatira, mneni abwerere m'mbuyo, ankalitsata mpaka kumapeto n'kugwedeza mutu. Kukacha, lonse lapita. Tsamba lomwelo la buku ankalitsegula kachisanu, likumuyang'ana ngati sanakumanepo. Anayamba kukhulupirira kuti mutu wake unakalamba iye asanakalambe.

Kutatsala milungu iwiri kuti alembe mayeso, a Rajabu, aphunzitsi awo a Chingerezi, anapereka mayeso oyeserera. Faines analemba dzina lake, nawerenga funso loyamba, nawerenganso. Chimene anazindikira pambuyo pake chinali dzanja likugogoda pa desiki, ndi kuseka kwa anyamata a kumbuyo. Tsaya lake linali pa pepala, pepalalo litanyowa malovu. M'kalasi munali mutatsala mphindi zisanu. Manyazi amene anamugwira sanawamvepo chibadwire.

Ena atatuluka, a Rajabu anamuuza kuti atsale. Anali bambo wowonda, wa imvi m'ndevu, wooneka ngati naye anatopa kalekale ndi ana a eni.

"Mayi, mumagona nthawi yanji?"

"Wani koloko, aphunzitsi," anayankha Faines, ndipo m'mawu mwake munali kakunyada. "Ndimaviika mapazi. Sindijomba ngakhale tsiku limodzi."

"Kudzuka?"

"Fili."

A Rajabu anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Beseni limenelo lagwetsa anthu ambiri kuposa Chingerezi. Ine si dokotala, mayi, koma ndaphunzitsa zaka makumi awiri, ndipo izi ndaziona ndi maso anga. Mawu amodziamodzi mutha kuwaloweza mukunjenjemera. Koma lamulo si loloweza. Limafunika likhazikike, kuti mukakumana ndi chiganizo chimene simunachionepo, lidzitulukira lokha. Ndikaphunzitsa lamulo lero n'kufunsa lero lomwe, amakhoza ochepa. Ndikafunsa mawa, amene anagona bwino amakhoza, ena mpaka kudabwa okha. Amene anachezera kuwerenga amangondiyang'ana ngati ndine mlendo."

"Ndiye ndisiye kuwerenga?"

"Thobwa mumamwa tsiku lomwe mwaphika?"

"Ayi. Limayenera ligone."

"Basi. Werengani lamulo limodzi madzulo, limodzi lokha, kenako mukagone. Mudzandiuze Lolemba."

Faines anatuluka atakwiya. Zinkamveka ngati malangizo a munthu amene alibe fodya m'chigafa. Koma Lamulungu kwawo sagwira fodya, ndiye Loweruka madzulo anaganiza zongoyesa, makamaka kuti akawatsutse bwino a Rajabu. Anawerenga lamulo lija la mawu a munthu wina, natseka buku eyiti koloko isanakwane, nagona tulo tofa nato. Beseni linagona panja lopanda madzi.

M'mawa mwake, akubwera ku mjigo ndi ndowa pamutu, mwana wake wamkulu Thokozani anamuthamangira kudzanena kuti abambo akuti sopo watha. Faines anangozindikira kuti m'mutu mwake mawu a Obedwo akutembenukira okha m'Chingerezi, mneni akubwerera m'mbuyo mwa iye yekha, popanda womukankha. Anayesa chiganizo china, cha mlaliki wa sabata yatha. Chinatembenuka. Anaima chiimire panjira madzi akumudonthera pakhosi. Sanakondwe msanga. Choyamba chimene anamva chinali mkwiyo, poganizira zaka ziwiri za mapazi ozizira.

Tsono vuto linaonekera poyera. Tulo sitigulidwa, koma kwa mkazi wa mlimi wa fodya mu Juni si taulere. Kuti iye agone mpaka kucha, wina anayenera kukhala m'chigafa m'malo mwake. Tsiku lonse la Lamulungu ankazungulirazungulira, akutsegula pakamwa n'kutsekanso. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Madzulo anamupeza Obed akusoka chiguduli pakhonde, nakhala pansi chapatali pang'ono.

"Abambo a Thoko, ndili ndi pempho."

"Ngati ndi chitenje, dikirani fodya apite."

"Si chitenje. Ndikupempha tulo. Masiku khumi, mpaka ndilembe Chingerezi. Ndizigona eyiti, ndizidzuka kutacha."

Obed anaseka mpaka singano inamugwa. "Akazi a anzanga amapempha foni. Inu mukupempha tulo? Nanga fodyayu asankhe ndani, amake Thoko? Nkhuku?"

"Musankha ndinu. Ndikuphunzitsani."

Anamufotokozera za a Rajabu, za malovu pa pepala, za zimene zinamuchitikira pobwera ku mjigo. Pa nkhani ya malovu Obed anasiya kuseka. Sanali munthu woipa. Ndiye amene ankamutungira madzi a m'beseni aja masiku ena, poganiza kuti akumuthandiza. Anayang'ana chigafa, m'mene fodya anali atalendewera mizere mizere mpaka kudenga.

"Masiku khumi," anatero potsiriza. "La khumi ndi chimodzi ndisakuoneni pa mphasa."

Kuphunzitsa Obed kunali ntchito ina payokha. Faines anatola masamba awiri n'kumuonetsa.

"Ili ndi ili sangakhale mulu umodzi."

"Chifukwa?"

"Simukuona?"

"Ndikuona masamba awiri a fodya."

Apa m'pamene Faines anazindikira kuti malamulo amene dzanja lake linkawadziwa, pakamwa pake sipankawadziwa. Anachita kuwafukula limodzi limodzi. Choyamba onani kumene tsamba linachokera, pansi pa mtengo, pakati kapena kunsonga. Kenako kutalika. Kenako mtundu, lotuwira, lofiirira, lofiira kwambiri, lobiriwira. Kenako mawanga ndi kung'ambika. Koma lalitali likakhala lopyapyala, musalitsatire kutalika. Koma lofiira la kunsonga si limodzi ndi lofiira la pakati. Obed ankabwereza ngati mwana wa kalasi ya ubatizo, ndipo pa "koma" wachitatu maso ake anali atayamba kale kuyendayenda.

Masiku anayamba kupita. Faines ankawerenga lamulo limodzi madzulo, kugona, m'mawa n'kuliyesa pa ziganizo zatsopano. Sikuti zonse zinkalowa. Zina zinkafuna mausiku awiri, zina zinkakana ndithu. Koma zolowazo zinkakhala, ndipo a Rajabu anayamba kumubwezera mapepala okhala ndi inki yofiira yochepa. Ankangoti, "Mukuona?" n'kupitirira kwa wina.

Mudzi nawo unaona. Mkazi wotuluka m'nyumba dzuwa litatuluka, mwamuna ali m'chigafa chiyambire usiku, sangabisike. Ku mjigo amayi anzake ankamulonjera mogwada mwachipongwe. "Mwadzuka bwanji adona? Tiyi afika kuchipinda?" Ena ankati ali ndi pakati. Ena ankati Obed anadyetsedwa kondaine, ndipo wamugwira zedi. Faines ankaseka nawo, koma zinkamulasa. Iye amene sanadziwikepo ndi ulesi chibadwire, lero ankatchulidwa ngati chitsanzo pophunzitsa atsikana.

Ndipo Obed ankatha. Ntchito ya anthu awiri inamugwera yekha, ndiye ankayamba wani koloko, atawaza madzi pansi kuti fodya afewe msanga. Masana ankadinda mabelo. Maso anafiira, ankaiwala pamene waika mpeni, tsiku lina anathira mchere mu tiyi n'kumwa theka asanazindikire. Madzulo ankafunsanso malamulo omwe aja, Faines n'kumubwerezera, iye n'kugwedeza mutu kuti wamva. Faines ankakudziwa kugwedeza mutu kumeneko. Anaona kuti matenda ake aja sanathe, anangosamukira kwa mwamuna wake. Koma mankhwala ake anali amodzi okha, ndipo amene ankawamwa anali iye mwini.

Lachiwiri, mayeso atatsala tsiku limodzi, Faines pobwera ku sukulu anapeza njinga yamoto itaima pa chigafa. Anali a Lester, wapampando wa kalabu yawo ya alimi, amene amayendera mabelo lole isanabwere. Mabelo awiri anali atang'ambidwa ulusi, timitolo ta fodya tili mbwee pa chiguduli. A Lester anali atanyamula timitolo tiwiri, kamodzi dzanja ili, kena dzanja ilo, ndipo ngakhale ali patali Faines anaona kuti sitinayenere kugona belo limodzi.

"Mayi, mwafika bwino," anatero a Lester. "Ine fodya wa pakhomo pano sindinkamutsegula n'komwe. Lero ndangoti ndione, ndiye onani. Wapansi, wakunsonga, wobiriwira, onse phwando limodzi. Belo lotere likakanidwa kumsika limaipitsa dzina la kalabu yonse. Awiriwa sakwera."

"Lole ikubwera liti?"

"Mawa cha m'ma teni. Mukawasankhanso n'kudinda isanafike, ndidzawaona. Apo ayi, mudikira ulendo wina, mwezi wamawa. Ndipo mukudziwa mmene ogula amakhalira akakhuta."

Ankadziwa. Mabelo awiriwo ndiwo anali feteleza wa chaka chamawa. A Lester analiza njinga yawo napita, n'kuwasiya awiriwo ataima pakati pa fodya.

Obed sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anadya pang'ono, nasamba m'manja, nadikira ana alowe m'nyumba.

"Amake Thoko," anatero motsitsa mawu. "Maola atatu okha. Tidzuke thu koloko, faifi mwamaliza, ine ndidinda ndekha. Mukhozanso kugonako pang'ono musanapite. Dzanja lanu ndi lachangu. Ine ndekha ndisakanizanso, ndikudzidziwa."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo anapempha mwaulemu, munthu amene anamupatsa mausiku asanu ndi anayi osadandaula. Faines anayang'ana manja a mwamuna wake, akuda ndi utomoni wa fodya. Anaganiza za mawa eyiti koloko, za funso loyamba, za tsaya pa pepala. Ankadzidziwa nayenso. Akadzuka thu koloko sadzagonanso, ndipo adzalowa m'chipinda cha mayeso mutu uli phala. Mapanga awiri avumbwitsa.

"Sinditha, abambo a Thoko."

"Simutha?"

"Munandipatsa masiku khumi. Lero ndi lachisanu ndi chinayi."

Obed anamuyang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Kenako anadzuka, natenga tochi, napita kukawaza madzi m'chigafa. Faines anatsegula buku, koma sanaone chilembo ngakhale chimodzi. Analitseka nakagona.

Anadzidzimuka tambala woyamba, monga thupi linazolowera zaka zonsezi. Mbali ya Obed inali yozizira. Kupyolera m'khoma ankamva masamba akuchita tswatswa, pang'onopang'ono, kenako chete wautali, ndiye kuti munthu wanyamula tsamba akulephera kudziwa kolipititsa. Chete aliyense ankamukoka Faines ngati chingwe. Miyendo yake inafika pansi yokha kawiri. Kawiri konse anaibweza m'bulangete. Anasenzapo mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri, anabereka ana atatu, koma ntchito yolemera ngati kugona pamenepo sanaigwirepo. Analira mwakachetechete, akudzitukwana, ndipo ali mkati molira tulo tinamutenga.

Anadzuka kunja kutayera. Anasamba, navala, natenga zolembera ziwiri ndi chiphaso cha mayeso. Njira yopita kumsewu imadutsa pa chigafa, ndipo panalibe poilambalala.

Obed anali atakhala pa chiguduli, miyendo itatambasuka, milu isanu ya fodya itamuzungulira. Nkhope yake inali yotuwa ngati phulusa. Atamva mapazi anadzutsa mutu, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali funso lokha.

"Taonani, amake Thoko. Ndasankha bwino?"

Faines sanafunike kuyandikira. Mulu wachiwiri unali ndi masamba a kunsonga osachepera khumi. Mu wachinayi munali obiriwira amene pa tochi amaoneka ofiirira. Dzanja lake linanyamuka lokha, zala zitatambasuka kale. Akanangotola tsamba limodzi, akanatola lachiwiri, akanagwada, ndipo eyiti koloko ikanamupeza pomwepo.

"Ndachedwa," anatero.

Obed anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Pitani. Mukalembe bwino."

Anayenda osacheuka. Mphepo ya m'mapiri inkamuwomba kumaso, ndipo thupi lake linali lopepuka, mutu uli mbee, mmene sunakhalirepo zaka zambiri. Zimenezi zinamuchititsa manyazi kuposa malovu aja.

M'chipinda cha mayeso anamukhazika pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu. Anatsegula pepala. Funso loyamba analidziwa. Lachiwiri linamuvuta, nalidumpha. Lachitatu linali chiganizo chimene sanachionepo, koma lamulo linabwera lokha, ndipo analemba. Anapitirira chomwecho, funso ndi funso, osathamanga.

Teni itapitirira anamva lole ikukwera chitunda kuchokera mbali ya kwawo, ikulira movutikira ndi katundu. Inadutsa pafupi kwambiri mpaka magalasi a zenera ananjenjemera. Mabelo a pakhomo pake ankawadziwa ndi kasokedwe ka Obed, ndipo akanangotembenuza mutu akanadziwa ngati akwera. Misozi inadzaza m'maso, zilembo zinayamba kusambira. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje kuti isagwere pa pepala, naika chala pa funso lotsatira, nayamba kuwerenga.